Mizere Itatu Imene Mordecai Daka Anasiya

Mordecai Daka anabadwira ku Chinyunyu m'chaka cha 1981, m'nyumba yoyang'ana msewu waukulu wopita kum'mawa. Makolo ake anachokera ku Katete kudzafuna minda. Atate ake ankalima chimanga, amayi ake ankagulitsa nthochi ndi mbatata kwa anthu a m'mabasi amene ankaima kuti aone madzi otentha otuluka pansi. Sukulu anailekeza giredi naini. Sanali mbuli, koma m'kalasi mutu wake unkakhala kwina. Chimene ankakonda ndi kumasula zinthu: wailesi ya atate ake, tochi ya aneba, loko wa patchalitchi. Zina ankazibwezera bwino, zina ayi, ndipo zikwapu analandira zokwanira.

Ali ndi zaka makumi awiri anakwera basi kupita ku Lusaka. Anayamba ndi kusesa m'kashopu kena kokonza makompyuta ndi masikelo a magetsi. Mwini shopuyo anali mayi Hellen Njovu, munthu wamfupi, wolankhula mofulumira, wosaseka pa ntchito. Ataona kuti wosesayo amangoima kumbuyo kwawo, tsache lili m'manja, maso ali pa makina, anamuuza kuti:

"Iwe, ngati ufuna kuona, khala pansi uone bwino. Ngati ufuna kusesa, sesa. Osati vonse viwiri."

Mordecai anakhala pansi, ndipo anakhala m'shopu imeneyo zaka khumi ndi ziwiri.

Anaphunzira kuwotcherera mawaya, kenako kuwerenga ndi kulemba mapulogalamu. Ntchito imene ba Hellen ankadziwika nayo inali yolemba kapulogalamu kamene kamaima pakati pa kompyuta ndi chipangizo chosungiramo zinthu, kaya disiki kaya kadi. Amisiri amakatcha dalaiva. Ntchito yake ndi kutenga zimene munthu walemba ndi kuzipereka ku kadi kuti zisungike, ndiponso kuzibweretsa zikafunika. Dalaiva akalakwitsa, zimene munthu analemba zimatayika.

Pali phunziro limodzi limene ba Hellen ankabwereza kufikira anthu kutopa nalo. Kompyuta ili ndi memori, ndiwo malo amene imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo zisanapite ku kadi. Memori imagawidwa m'tizigawo tofanana totchedwa masamba. Pa makina akale, pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse imafika mwachindunji pa masamba apansi okha, osakwana gigabaiti imodzi. Masamba opitirira pamenepo amatchedwa apamwamba, ndipo alibe adiresi yokhazikika. Wofuna kuwakhudza ayenera kuyamba wapempha adiresi yobwereka.

Ba Hellen sankafotokoza ndi buku. Ankaloza mashelefu a m'shopu mwawo ndi makwerero amodzi achitsulo amene anthu onse ankalimbirana.

"Shelefu yapansi ufika ndi dzanja," ankatero. "Yapamwamba sufika. Ubwereka makwerero, ukwera, utenga chimene ufuna, utsika, ubweza makwerero. Ndipo usakhale pamwambapo kuyembekeza munthu, anzako nawonso afuna kukwera."

"Nanga nikatambasula chabe dzanja?" anafunsa Mordecai tsiku lina.

"Uzagwira mphepo, kapena uzagwetsa katundu wa eni ake. Ndipo ine nizakuthamangitsa."

M'pulogalamu, nkhani yonseyi inali mizere itatu: wobwereka adiresi, wokopera zinthu kudzera pa adiresi yobwerekayo, ndi wobweza. Mordecai anailemba kambirimbiri. Palibe anganene kuti sankaidziwa.

M'chaka cha 2013 makolo ake atamwalira motsatizana, moyo wa m'tauni unamukola. Anakwatira Thelma, mkazi wa Chisoli wa kufupi ndi Shikabeta, ndipo anapita kukakhala kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini. Anamupatsa munda wa kumapeto, wamiyala. Pa misonkhano ya banja ankakhala kumbuyo, ndipo akalankhula anthu ankamva ngati mphepo yadutsa. Amalume a Thelma, ba Reuben, amene mawu awo ankalemera m'mudzimo, ankangomutcha kuti "mkamwini wa ku Chipata," ngakhale kuti ku Chipata sanakhaleko n'komwe.

Zinthu zinasintha mu 2016. Kakiliniki ka m'deralo kanalandira kwa alendo ena kakompyuta kakale koyendera sola. Namwino wa pamenepo, ba Sister Dorcas, anayamba kulembamo maina a ana onse a kusikelo: kulemera kwawo, katemera amene alandira, ndi tsiku lobweranso. Patapita miyezi ingapo makinawo analeka kuona kadi yake, ndipo alendo aja anali atabwerera kwawo. Thelma ndiye anauza ba Sister kuti mwamuna wake ankagwira zoterezi ku Lusaka.

Mordecai anapeza kuti panalibe dalaiva woyenera kadiyo. Sabata yathunthu anakhala akukwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, kumene netiweki ya foni imagwira, kufunafuna dalaiva wakale ndi kumulembanso kuti agwirizane ndi makinawo. Inali ntchito yabwino, imeneyo tisamulande. Koma atafika pa malo a mizere itatu ija, anaima. Makinawo anali ndi memori ya theka la gigabaiti basi. Masamba onse anali apansi, apamwamba panalibe ngakhale limodzi. Chimanga chake chinali chikudikira kupalira, ndipo kuyesa mizereyo kukanamudyera tsiku lina lathunthu. Anaisiya. Anachitanso china choipa kuposa apa: anauza pulogalamu yaikulu kuti dalaiva wake angathe kulandira tsamba lililonse, isavutike ndi kumutetezera, poti chitetezocho chinkachedwetsa makina. Mawu a ba Hellen anawamva m'mutu, ndipo anawayankha kuti adzakonza mawa.

Makina anayenda. Ba Sister anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kumutcha "ba Injiniya," ndipo ba Reuben, amene analinso tcheyamani wa komiti ya kiliniki, anayamba kumupatsa mpando kutsogolo.

Pakilinikipo panali munthu wina, ba Aaron Chipungu. Anali atagwirapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi: kusesa, kutunga madzi, kupukuta magalasi a sola, kupachika sikelo pa mtengo tsiku la ana. Mwendo wawo wakumanzere unathyoka kale pa ngolo ndipo unapola mokhota, kotero kulima munda waukulu sakanatha. Mkazi wawo anamwalira. Komiti inawapatsa kanyumba ka kuseri kwa kiliniki, ndipo kanyumbako ndi ntchitoyo ndizo zonse zimene anali nazo. Kamodzi pa miyezi itatu Mordecai ankabwera kudzatsegula makina kuti apemerere fumbi, ba Aaron akumugwirira tizomangira m'chikhatho. Tsiku lina ba Sister atadandaula kuti makina akuchedwa, Mordecai analoza kampata kopanda kanthu m'kati.

"Mwaona apa, ba Aaron? Apa ni pa memori ina. Tikanakhala nayo, ichi chikanathamanga ngati minibasi ya ku Mpanshya."

Ananena moseka n'kuiwala. Ba Aaron sanaiwale.

Mu Juni 2023, anthu atakolola, mwana wawo wamkazi Peggy anabwera kuchokera ku Lusaka. Anali atawabweretsera chimene anamupempha kwa nthawi yaitali: kachitsulo kobiriwira ka memori ya gigabaiti imodzi, kochokera m'kompyuta imene inkatayidwa kuntchito kwake. Lamlungu masana, anthu atachoka kutchalitchi, ba Aaron anasamba m'manja, anazimitsa makina monga anaonera, anamasula tizomangira, nalowetsa kachitsulo m'kampata kaja. Kanalowa bwino, kanalira kuti tswa. Sanauze munthu. Ankafuna kuona nkhope ya ba Sister mawa lake.

Lolemba linali tsiku la sikelo. Makina anayaka msanga, ndipo ba Sister anati, "Lelo chauka bwino ichi!" Ba Aaron ankangomwetulira pakhomo. Koma dzuwa litafika pamutu, azimayi ali pamzere ndi ana kumsana, makina anauma, osayankhanso chilichonse. Anawazimitsa n'kuwayatsanso. Anayenda pang'ono, naumanso. Lachiwiri m'mawa kaundula wa ana anakana kutseguka. Kope lomaliza la kaundulayo linali litapita ku boma m'mwezi wa Malichi, ndipo buku la pamanja linadzaza kale osalowetsedwa lina, poti onse ankakhulupirira makina. Zolemba za miyezi itatu, za ana zana limodzi ndi makumi anayi, zinapita.

Ba Aaron sanadikire kufunsidwa. Anavula chipewa, naima pamaso pa ba Sister, nanena zonse zimene anachita. Ba Reuben atamva anaitanitsa komiti kuti ikumane Lachisanu, ndipo sanabise chimene chidzakambidwe: munthu woononga katundu wa anthu sangakhalenso pakiliniki, achoke ndi m'kanyumba momwe.

Mordecai anali kumaliro kutali, ndipo anafika Lachitatu m'mawa. Anatsegula makina, naona kachitsulo katsopano. Atayatsa anayesa kusunga chinthu chachikulu. Makina anauma, pagalasi lake panatuluka mawu ambirimbiri. Ba Sister sankawamva. Iye ankawamva. Pakati pa mawuwo panali dzina la dalaiva wake, ndi malo enieni amene anaima zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Memori itachuluka, masamba apamwamba anabadwa. Pulogalamu yaikulu inapereka tsamba lotere kwa dalaiva, poti iye mwini anaiuza kuti angathe. Dalaivayo anatambasula dzanja popanda makwerero, nagwira mphepo, nagwa kaundula ali pakati pa kulembedwa.

Anachotsa kachitsulo kaja n'kuyatsanso. Makina anayenda ngati kale.

"So ni memori ya ba Aaron?" anafunsa ba Sister.

"Nikaichotsa, makina asebenza," anayankha Mordecai.

Sananame. Komanso sananene zoona, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti ba Sister amva chiyani.

Potuluka anapeza ba Aaron atakhala pa chitsa kuseri, akumanga mapoto awiri ndi bulangete m'thumba la feteleza. Ataona Mordecai anayesa kuimirira msanga, mwendo uja ukuwavuta.

"Ba Injiniya, munikhululukire. Ntchito yanu yabwino naiononga ine. Ninali kufuna chabe ba Sister asamavutike."

"Khalani pansi, mudala."

"Kanali koipa kachitsulo kaja, eti? Peggy anati kali bwino. Mwina anamunamiza mwana wanga."

"Tizaona," anatero Mordecai, nakwera njinga osacheuka.

Masana amenewo iye ndi Thelma anali kutonola chimanga pamphasa pabwalo. Thelma anadzaza lichero kawiri, mwamuna wake akadali ndi chitsononkho chimodzi m'manja.

"Atate a Happiness, chimanga icho mutonola kapena muchisisita kuti chigone?"

Mordecai anamuuza zonse, chimangacho chikadali m'manja: za mashelefu a ba Hellen, za makwerero, za mizere itatu. Thelma anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Ine va masamba sinimvera," anatero pomaliza. "Niuzeni chimodzi. Chimene ba Aaron anaika chinali choipa?"

"Chinali chabwino. Chabwino kupambana chakale."

"Anaika pa malo olakwika?"

"Pa malo ake enieni. Ninawaonetsa nine."

"Oho."

Thelma anapitiriza kutonola, chimanga chikugwera m'lichero.

"Thelma, amalume ako uwadziwa. Nikanena, nibwerera kumbuyo kwa msonkhano. Nizakhalanso mkamwini wa ku Chipata."

"Muzakhala. Ndipo azakusekani mpaka mvula ikagwe." Anapeta lichero, mankhusu nauluka. "Pano kulibe munthu angawerenge vimene munalemba mu makina muja. Mukakhala zii, palibe azadziwa. Koma ine mwaniuza kale, ndipo Lachisanu nizaona ba Aaron apita ndi thumba pamutu. Ivo chabe. Perekani chitsononkho icho, mwachitopetsa."

Lachinayi m'mamawa anakwera kaphiri kaja naimbira ba Hellen, amene tsopano anali atakalamba ndipo shopu anaitseka. Atapatsana moni anafotokoza vuto monga mmisiri, osanena kuti analemba ndani.

"Analemba dalaiva uyo ni ndani?" anafunsa ba Hellen.

"Ni ine, amayi."

"Makwerero unabweza?"

"Sininabwereke n'komwe."



"Zaka twelofu m'shopu mwanga, iwe Mordecai! Ninali kukamba ndi mashelefu kansi?" Anatsokomola, kenako mawu anafewa pang'ono. "Mvera. Bwereka tsamba limodzi pa nthawi. Kopa, bweza pomwepo. Ngati kadi ichedwa kuyankha, bweza poyamba ndiye uyembekeze, usayembekeze uli pamwamba. Ukatha, bwezeramo memori ija, udzaze makina mpaka alire. Usayese ndi tinthu ting'onoting'ono, masamba apamwamba sazafikika. Wamvera?"

"Namvera."

"Pali amene wavutika nacho?"

"Alipo."

"Icho sinikuphunzitsa pa foni," anatero ba Hellen, nadula.

Anatsika kupita kukiliniki napempha ba Sister kuti amusiyire makina tsiku lonse. Kulemba mizere itatuyo, m'malo awiri amene inkafunika, powerenga ndi posunga, kunamutengera nthawi yochepa kuposa yopalira mzere umodzi wa chimanga. Anakhala akuiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anabwezeramo memori ya ba Aaron nayamba kuyesa. Anadzaza makina ndi zinthu zazikulu, nazisunga ku kadi ina yopanda ntchito, naziwerenganso kuti aone ngati zabwerera monga zinapitira. Anabwereza kufikira dzuwa linapendeka. Palibe chinalakwika. Makina ankathamanga monga ananenera tsiku lija. Kaundula wotayika uja yekha ndiye sanabwerere. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa, koma pamene panagwera dalaiva panali zinyalala zokhazokha.

Ba Sister ataona makina akuyenda ndi memori ija m'kati anadabwa.

"Ba Injiniya, imwe ndimwe ena! Mpaka chinthu choipa mwachiphunzitsa ulemu?"

Pamenepo Mordecai anaona njira ina yotseguka, yosalala kuposa yoyamba. Akanangovomera. Dzina lake likanakula, ndipo mwina komiti ikanawachitira chifundo ba Aaron poona kuti makina achira. Anapita kunyumba atanyamula maganizo amenewo, ndipo kunena zoona anali atatsala pang'ono kuwalandira.

Lachisanu komiti inakhala pakhonde la kiliniki, anthu asanu ndi awiri pa mabenchi a odwala. Ena a m'mudzi anaima chapatali ngati akudikira mankhwala. Thelma anali pakati pawo. Ba Aaron anakhala pansi pa simenti, chipewa pa bondo, thumba lawo lili pambali. Atapemphera, ba Sister anafotokoza zimene zinatayika, nawonjeza kuti ba Injiniya akonza makina ndipo tsopano akuyenda bwino kuposa kale.

"Tithokoza ba Injiniya," anatero ba Reuben. "Koma makina kuchira si kuti ana abwerera m'kaundula. Manje sitidziwa mwana uti walandira katemera, uti sanalandire. Wachita ichi ni munthu mmodzi, ndipo wavomera yekha. Ba Aaron, takhala namwe bwino zaka zambiri, koma pano pafunika munthu wodziwa malire a manja ake. Kiyi wa nyumba mupereke kwa ba Sister."

Ba Aaron anapisa m'thumba la malaya natulutsa kiyi womangidwa pa kansalu kofiira. Kiyiyo anawapulumuka nagwa pa simenti. Mordecai anamva kulira kwake, naimirira.

"Ba Tcheyamani, nipempha kukamba."

"Kambani, ba Injiniya."

"Kiyi uyo asapereke. Amene anataya maina a ana nine."

Anthu anayang'anana. Ba Reuben anakweza nsidze.

"Imwe munali kumaliro."

"Ninali kumaliro, inde. Koma cholakwa ninachichita mu 2016. Memori imene ba Aaron anaika ni yabwino, ili mu makina manje lino, ndiyo ithamangitsa. Makina anapangidwa kuti ailandire. Chimene chinagwa ni pulogalamu imene ninalemba ine."

Anawatengera pa chitseko cha chipinda cha mankhwala nawaonetsa mashelefu. Anati ba Aaron anangowonjezera mashelefu apamwamba, chinthu chimene aliyense angakondwere nacho. Wantchito amene iye Mordecai anaika m'makinamo ndiye sanaphunzitsidwe kubwereka makwerero, ngakhale kuti analembedwa kuti amadziwa. Tsiku loyamba kutumidwa pamwamba anagwa ndi kaundula m'manja.

"Simunadziwe kuti ziyenera kutero?" anafunsa ba Reuben.

Apa panali pothawira pomaliza. Mordecai anayang'ana pansi.

"Ninadziwa. Inali mizere itatu. Ninali kuthamangira kumunda, ninati nizalemba mawa. Ndipo Lachitatu ninaona zonse pagalasi, koma ba Sister sininawauze."

Ba Estina, mayi wa m'komiti amene pakamwa pake sipatsekeka, anaomba m'manja kamodzi.

"Zaka seveni, ba Injiniya! Mawa wanu anakwera basi iti, kuti mpaka lelo sanafike?"

Anthu a chapatali anaseka. Ba Sister sanaseke. Anamuyang'ana Mordecai nthawi yaitali, nati, "Ine ninakufunsani pamaso." Mawu amenewo anamupweteka kuposa kuseka konse.

Ba Reuben sanafune kugonja msanga.

"Koma uyu anatsegula makina a anthu popanda chilolezo. Icho nacho ni bodza?"

"Si bodza. Pa icho muwadzudzule. Koma kampata ninawaonetsa nine, ndipo ninati tikapeza memori chizathamanga. Ngakhale akanabwera kwa ine poyamba, nikanaika ndi manja anga, ndipo vikanachitika chimodzimodzi, chifukwa ninali n'taiwala. Ngati pali wochoka pa nkhani ya ana, si ba Aaron."

Ba Aaron anali akuyang'ana uku ndi uku, osamvetsa bwino. Analankhula kanthu m'Chisoli chapansipansi, kenako anafunsa mokweza:

"So Peggy sanamunamize?"

"Sanamunamize, mudala. Anabweretsa chabwino."

Mkuluyo anatola kiyi wake pansi naupukuta pa malaya.

Komiti inakambirana nthawi yaitali, ndipo ena anakwiya ndithu. Pomaliza ba Reuben ananena chigamulo. Ba Aaron akhale pa ntchito ndi m'nyumba yawo, koma asadzakhudzenso makina osauza ba Sister. Buku la pamanja libwerere, lizilembedwa pamodzi ndi makina. Ndipo popeza mayi aliyense amasunga kadi ya kusikelo ya mwana wake kunyumba, wotaya mainawo ayende yekha mudzi ndi mudzi kukawakopera.

"Mwamva, mkamwini?" anatero ba Reuben.

"Namva," anayankha Mordecai. Mawu akale aja anali atabwerera, monga ananenera.

Lolemba m'mawa akupopa njinga, anaona ba Aaron akubwera motsimphina, atavala chipewa ndi jekete la kutchalitchi.

"Muzayenda bwanji mweka? Simudziwa mwana wa ndani akhala kuti. Ine nawapachika onse pa sikelo, niwadziwa na kulira kwawo."

"Mwendo wanu, mudala."

"Mwendo uzakhala pa keriya. Opalasa ndimwe."

Anayenda masabata atatu, Mordecai akupalasa, ba Aaron ali kumbuyo ndi kope m'manja, akuloza njira ndi kudandaula za mabampu. M'midzi ina azimayi ankawalandira ndi madzi akumwa. M'midzi ina nkhani inali itafika kale, ndipo ankafunsa kuti, "Ndimwe aja a mawa?" Mordecai ankavomera, n'kupempha kadi. Pa ulendowo anapeza ana awiri amene tsiku lawo la katemera linali litadutsa, ndipo amayi awo anapita nawo kukiliniki sabata yomweyo. Pa ana zana limodzi ndi makumi anayi aja anapeza onse kupatula atatu a banja limodzi, limene linasamukira kuchigwa cha Luangwa osasiya mawu. Amenewo sanapezeke mpaka lero, ndipo Mordecai salola munthu kunena kuti zonse zinakonzeka.

Lero akulimabe munda wake wamiyala. Ena amamutchabe ba Injiniya, ena analeka. Ba Sister anatha miyezi iwiri akumupatsa moni wa pakamwa pokha, kenako tsiku lina anamuitana kuti adzaone batire la sola, ndipo nkhani inathera pamenepo. Pa misonkhano ya banja amakhala pakati, osati kutsogolo, osati kumbuyo. Ba Aaron akadali m'kanyumba kawo, ndipo fumbi la m'makina amapemerera ali awiri monga kale, ba Sister ataima pomwepo.

M'kati mwa dalaiva uja, pamwamba pa mizere itatu, pali malo amene mmisiri amaloledwa kulemba mawu a anthu, amene makina sawerenga. Mordecai analembapo m'Chinyanja kuti wodzabwera pambuyo pake adzapeze: "Tsamba lingakhale lapamwamba. Bwereka adiresi, kopa, bweza, usadikire uli nayo. Ndinasiya izi mu 2016 ndikudziwa, ndipo mu 2023 maina a ana anatayika. Memori ya ba Aaron Chipungu inalibe mlandu."